Zipolopolo za Mdala

Ndinamuona ndili pachitunda, magalasi oonera patali ali kumaso. Ntchito yanga inali kuyang'ana kugombe ndi m'zigwa momwe chimbalangondo choyera chingatulukire, koma m'mawa umenewo maso anga anatsetserekera kumsasa n'kukapeza Ragnhild, mkazi wa m'gulu lathu, atagwada kuseri kwa tenti ya katundu, mpeni uli m'manja. Ankapala chimodzi mwa zikhakha zimene tinakutiramo mafupa. Akapala pang'ono n'kucheuka, akapala pang'ono n'kucheuka. Atatha anasolola cholembera m'thumba nalembapo zina pamene anapalapo. Anatero pa chikhakha chachiwiri, chachitatu, mpaka chachisanu. Kenako anakwirira zopalidwazo ndi jombo, napukuta manja pa thalauza, n'kubwerera kudzenje ngati munthu wochokera kokadzithandiza.

Ndinatsitsa magalasi. Fupa lililonse la chilombo chamakedzana tikalifukula m'dzenje timalikulunga m'chikhakha, monga amachitira achipatala ndi mwendo wothyoka, kuti lisafumbutuke panjira. Pachikhakhapo pamalembedwa nambala, ndipo nambala yomweyo imalembedwanso pa mapu a dzenje m'kope la mtsogoleri. Manambala akasokonekera, zimene mwatumiza ku Oslo si chilombonso, ndi mulu wa miyala chabe. Ndipo paphiri limenelo wolemba manambala anali mmodzi yekha: a Oddvar, amene tonse tinkangowati Mdala.

Ine ndinagwira ntchito mumgodi wa malasha zaka makumi awiri ndi zitatu, mpaka mwala unandiphwanya bondo. Mdala ndiwo ananditola ndikuwolera m'kachipinda kanga ku Longyearbyen, tauni ya pachilumba chathu chozizira cha kumpoto kwenikweni, botolo lili pambali. "Ndikufuna munthu wodziwa mwala ndi mfuti," anatero tsikulo. "Za kuthamanga zisiye. Chimbalangondo sungachipose liwiro ngakhale utakhala ndi mawondo anayi." Kuyambira pamenepo chilimwe chilichonse, kwa zaka khumi ndi zisanu ndi chimodzi, ndinkakwera nawo phiri kukalondera anthu awo. Munthu akakutola pamene ena onse akukulambalala, sumafunsanso ngati amalakwitsa.

Chaka chimenecho tinapeza chimene Mdala anachifunafuna moyo wawo wonse: mutu wathunthu wa chilombo cha m'nyanja, chimene chinafa phiri limenelo likadali matope pansi pa madzi. Chibade chokha chinali chotalika kuposa ine nditagona. Dzino limodzi linkadzaza chikhatho changa n'kutsalako. Anzathu ena anali atabwerera kale pa boti, tinatsala anayi kuti timalize: Mdala, ine, Ragnhild, amene kale anali wophunzira wawo ndipo tsopano anali katswiri payekha, ndi Terje, dokotala wa mano wa ku Tromso amene ankathera tchuthi chake akukumba nafe. Terje ndiye anachitcha chilombocho Apongozi, ati chifukwa cha kukula kwa kamwa.

Masana amenewo tinasonkhana m'tenti yophikira kudya buledi ndi tchizi.

"Apongozi lero akumwetulira," anatero Terje akuthira khofi. "Dzino lachisanu ndi chiwiri latuluka. Zaka makumi atatu ndikuzula anthu mano, sindinaonepo wodwala wofatsa chonchi. Sakuwa, saluma, safunsa ngati zipweteke."

"Apongozi ako enieni akadzalimva dzinali udzagona panja ndi agalu," ndinatero.

"Anamva kale iwo. Akuti palibe vuto, bola chikhale chachikulu kuposa zonse zimene zinapezekapo."

Mdala sanaseke. Ankadzipapasa m'matumba, la pachifuwa, la m'mbali, la pachifuwa kachiwiri.

"Kope langa lili kuti?"

Tinasiya kudya n'kuyamba kufunafuna. Tinakutumula zogonera, tinasuntha mabokosi, ine ndinatsikira mpaka kudzenje. Pobwerera ndinapeza Terje atalinyamula m'mwamba, lili ndi mafuta a tchizi pachikuto.

"Linali m'bokosi la buledi, pansi penipeni. Mdala, mwayamba kudyera buledi sayansi tsopano?"

Nkhope ya Mdala inada. Anatsegula pakamwa, koma asanatulutse liwu Ragnhild anawadula.

"Ndine ndinaliika mmenemo. Mvula ija itayamba dzulo ndinaopa kuti linyowa. Pepani, Mdala, ndinaiwala kukuuzani."

Analankhula maso ali m'kapu. Terje anaseka n'kupitiriza kudya, koma ine ndinaika buledi pansi. Dzulo lakelo ndinakhala pachitunda tsiku lonse, nkhope ili kumwamba. Sikunagwe ndi dontho lomwe.

Titatha kudya Mdala anandikodola kuti ndiwaperekeze kumtsinje. Tinatsika pang'onopang'ono, ine ndi bondo langa, iwo ndi zaka zawo makumi asanu ndi awiri. Msasa utabisika kuseri kwa thanthwe anandigwira pamkono.

"Steinar, iwe ndi ine tachokera kutali. Ndikuuze kanthu?"

"Nenani, Mdala."

"Mkazi uyu akundikumbira dzenje. Ndimalemba chinthu lero, mawa ndipeza chasintha. Zinthu zanga zikungosowa. Kulikonse kumene ndingapite, iye ali pambuyo panga ngati mthunzi. Ukudziwa chimene akufuna? Akufuna ku Oslo azinena kuti Oddvar wakalamba, mutu wake sukugwiranso, kuti Apongozi alembedwe m'dzina lake. Ine amene ndinamuphunzitsa kugwira nyundo!"

Ndinawauza zimene ndinaona m'mawa. Anagwedeza mutu pang'onopang'ono, monga munthu amene wamva zimene ankazidziwa kale.

Tinali titayandikira madzi pamene ndinaona mapazi m'matope. Anali aakulu ngati mbale, zikhadabo zikuoneka bwinobwino, ndipo madzi anali asanadzazemo. Ndinatsitsa mfuti paphewa n'kuunguza mbali zonse. Kunali zii, mbalame zokha zikulira kumatanthwe.

"Konzani yanu, Mdala."

Anakoka chitsulo cha mfuti yawo. Munalibe kanthu. Anakokanso. Mbee.

Tinayang'anana.

"Ndaikamo ndekha zipolopolo zinayi m'mawa uno," ananong'ona. "Waona tsopano? Waona?"

Ndinapisa dzanja m'thumba langa n'kutulutsa zipolopolo zinayi. Ndinaziika mu mfuti yawo ndi manja angawa, chimodzichimodzi, n'kuwabwezera.

"Musamuuze," ndinatero.

Titabwerera, Ragnhild ndi Terje anali m'dzenje, atawerama pa nsagwada za Apongozi. Ndinalowa m'tenti ya Ragnhild, chinthu chimene ndinali ndisanachitepo kwa munthu aliyense pa zaka zonsezo. Sindinavutike kufufuza. M'thumba la m'kati la jekete lake munali kampango komangidwa mfundo, ndipo ndisanamasule n'komwe ndinadziwa kulemera kwake. Zinayi.

Mwina wina anganene kuti ndikadamufunsa. Koma munthu amene wachotsa zipolopolo mu mfuti ya mnzake kudziko la zimbalangondo sumufunsa mafunso. Umamuyang'anitsitsa, ndipo umaitana ena. Ndinakwera pachitunda ndi foni yanga ya setilaiti. Ndinaimbira mkulu wa ntchito yathu ku Oslo, ndinaimbiranso apolisi ku Longyearbyen. Ndinanena zonse: mpeni, manambala, bodza la mvula, kampango. Wapolisi anati kukubwera chifunga chochokera kunyanja, helikopita singauluke mpaka chitayera.

"Kodi alipo amene moyo wake uli pachiswe panopa?" anafunsa.

"Ine ndikadalipo, ayi," ndinayankha monyadira.

Chifunga chinafikadi m'mawa mwake, chokhuthala moti munthu ukatambasula dzanja zala zinkaoneka ngati za wina. Pachitunda panalibenso chokaonera, choncho ndinakhala m'mbali mwa dzenje, mfuti ili pamiyendo, maso ali pa Ragnhild. Chilichonse chimene ankachita chinkandiuza kanthu. Akapatsira Mdala kapu, ndinkayang'ana zimene wathiramo. Akawafunsa kuti, "Mdala, ichi ndi cha makumi atatu ndi chimodzi, si choncho?" ndinkati akuwaika mawu m'kamwa. Kawiri konse anandipeza ndikumuyang'ana.

"A Steinar, pali vuto?"

"Palibe. Pali vuto kwa iwe?"

Anandiyang'ana nthawi yaitali, kenako anabwerera ku burashi yake.

Chakumasana madzi osakanizira chikhakha anatha. Terje ananyamula zigubu ziwiri zoyera.

"Mlonda, sundiperekeza? Kapena ukufuna chimbalangondo chidye dokotala wa mano chisanatsuke mkamwa?"

Lamulo linali loti ndipite naye. Koma kupita naye kunali kusiya Mdala ndi Ragnhild awiriwiri.

"Tenga mfuti yoopsezera zimbalangondo. Uziimba nyimbo panjira, mawu ako okha chingathawe."

Anapita akuseka, chifunga n'kumumeza. Patapita kanthawi Ragnhild anaimirira, nati akukatenga nsalu zokulungira m'tenti ya katundu. Ndinawerenga mpaka khumi, kenako ndinamutsatira mwakachetechete. Ndinkafuna kumugwira mpeni uli m'manja. Ndinaima kuseri kwa tenti, ndikumvetsera kuphwanyika kwa mapepala m'katimo, ndili tcheru ngati mlenje amene nyama yayandikira msampha.

Phuu!

Mfuti inalira kudzenje, phiri lonse n'kuyankha.

Sindikudziwa kuti bondo langa linathamanga bwanji. Ndinapeza Mdala ataimirira pamlomo pa dzenje, mfuti ili paphewa, akukoka chitsulo kuti aombe kachiwiri.

"Steinar! Chagwa koma sichinafe! Choyera, chachikulu, chikubwera kwa Apongozi!"

Ndinagwira mpope wa mfuti n'kuulozetsa kumwamba. Tinalimbana. Nkhalamba ija inali ndi mphamvu zimene sindinkazidziwa. Nditawalanda ndinamva mawu kumunsi, m'chifunga.

"Musaombe! Ambuye wanga, musaombe! Ndine!"

Terje anali chafufumimba pamiyala, manja ali kumutu. Pambali pake chigubu chimodzi chinkakhavula madzi pa bowo lolowa chala chachikulu, pafupi ndi chogwirira, pamene panali dzanja lake. Anadzuka, thalauza lonse lili chonyowa, n'kukwera mpaka pamene tinaima.

"Oddvar! Wapenga kodi, nkhalamba iwe? Ukadandipha! Ndili ndi ana atatu ine!"

Mdala anamuyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi. M'maso mwawo munalibe manyazi, munalibe mantha. Munali ukali wa mwinimunda amene wapeza mlendo m'munda mwake.

"Ndiwe yani iwe? Ukufuna chiyani pamsasa wanga?"

Terje anabwerera m'mbuyo phazi limodzi. Zilimwe zisanu ndi zinayi anthu awiriwa anagona m'matenti oyandikana. Mdala anali mboni pa ukwati wake wachiwiri.

Ragnhild anafika pambali pawo osathamanga. Anawagwira pachigongono mofatsa.

"Mdala, khofi wapsa. Tiyeni mukamwe asanazizire. Uyu ndi wa madzi, ndamutuma ndine."

"Wa madzi," anabwereza Mdala. "Bwanji osandiuza? Iwe sundiuza kanthu masiku ano."

"Ndalakwa. Tiyeni."

Anapita nawo. Ine ndinatsala ndi mfuti ziwiri m'manja, Terje atakhala pamwala akuyang'ana chikhatho chake ngati akuwerenga zala. Patapita nthawi Ragnhild anabwerera yekha. Analoza mfuti ya Mdala imene inali m'manja mwanga.

"Ndani waika zipolopolo mu mfuti imeneyo?"

"Ndine," ndinatero. "Ndipo ndikudziwa amene anazichotsa. Zili m'jekete lako."

"Munalowa m'tenti yanga."

"Ndinakuonanso ukupala manambala. Ndinamva bodza lako la mvula."

Sanakane chilichonse. Anatulutsa kamera m'thumba, nasinthasintha zithunzi, n'kundipatsa. Zinali zikhakha zija asanazipale, chilichonse pamalo pamene chinafukulidwa. Pa choyamba panalembedwa 14, ndi dzanja la Mdala limene ndinkalidziwa ngati langa. Pa chachiwiri 14. Pa chachitatu 14. Nthiti, fupa la msana, fupa la chipsepse, zonse 14. Pa chachisanu panalibe nambala. Panalembedwa kuti Solveig, dzina la mkazi wawo amene tinamuika m'manda zaka zisanu ndi chimodzi m'mbuyomo.

"Mwana wawo anandiimbira mu Epulo," anatero Ragnhild. "Madokotala anali atawauza Mdala kuti ayamba matenda oiwalaiwala. Iwo amati madokotalawo ndi mbuli. Mwanayo anandipempha kuti bambo ake akwere phiri kamodzi kokha komaliza, aone mutuwu ukutuluka m'nthaka, ndipo ine ndinalonjeza kuti ndiwasamala. Masiku oyamba zinkayenda. Sabata yatha ndinawapeza m'tenti akuika zipolopolo, mpope utaloza kumene Terje anagona. Kuyambira tsiku limenelo m'mawa uliwonse iwo akaika, ine ndimachotsa. Lero sindinawaone akuika, ndiye ndimayesa mulibe kanthu."

"Nanga osandiuza bwanji? Mlonda pano ndine!"

"N'chifukwa chake. Mukadaimba foni tsiku lomwelo, ndipo mukadakhoza. Kapena mukadawauza, chifukwa inu simuwabisira kanthu Mdala." Anapukuta mphuno ndi golovesi. "Sindikunena kuti ndinachita bwino. Terje, pepa. Ndinkaganiza kuti ndikwanitsa ndekha. Kwangotsala masiku asanu kuti mutuwu unyamulidwe. Asanu okha. Tikabisa mfuti zonse, tikamasinthana kukhala nawo..."

"Ndaimba kale," ndinatero.

Anandiyang'ana.

"Dzulo. Ku Oslo ndi kupolisi. Ndinawauza kuti ukuba ntchito ya Mdala ndipo ukufuna kuwaphetsa."

Ndinkayembekezera kuti anditukwana, ndipo ndikadakonda akadatero. Iye anangokhala pansi pamiyala yonyowayo, pafupi ndi Terje, n'kuyang'ana m'dzenje momwe mano asanu ndi awiri a Apongozi ankang'anima ndi chinyezi.

"Iwe Steinar," anatero Terje, "zaka zonsezi ndimayesa chimene chidzandiphe kuno ndi chimbalangondo. Osadziwa kuti ndi anzanga atatu, aliyense akuteteza mnzake."

Zotsatira zake sizitalika kufotokoza. Apongozi tinawanyamula patapita masiku asanu ndi limodzi, Mdala ali m'chipatala ku Tromso. Sanauone mutuwo ukukwera m'mwamba pa chingwe, ndipo pamene unkatsegulidwa ku Oslo anali atasiya kudziwa kuti ndi chiyani. Ragnhild anafunsidwa mafunso miyezi inayi. Zakuba anamuyeretsa, zithunzi zija zinamuchitira umboni, koma chifukwa chobisa matenda a mtsogoleri anamuletsa kutsogolera gulu kwa zaka zitatu. Ine ndinabweza mfuti yanga kumapeto kwa chilimwe chimenecho. Terje amanditumizirabe khadi pa Khirisimasi, ndipo nthawi zonse amajambulapo chigubu.

Koma chimene chimandibwerera ndikakhala ndekha ndi tsiku limene chifunga chinayera. Helikopita inatera pachidikha kumunsi kwa msasa, wapolisi ndi namwino n'kutsika. Ragnhild anapita kukalankhula nawo yekha, ndipo anatenga nthawi. Atabwerera anawauza Mdala kuti ku Longyearbyen kukufunika siginecha yawo pa zikalata zotumizira mafupa, abwerera mawa. Mdala sanamukhulupirire. M'mawa umenewo mutu wawo unali bwino, ankatidziwa tonse, ndipo anadziwa kuti akuchotsedwa paphiri.

Anayenda okha kupita kuhelikopita, msana uli chilili, chikwama chili paphewa. Atatsala pang'ono kufika anapunthwa. Chingwe cha jombo yawo yakumanzere chinali chitamasuka n'kumakwekwereka m'matope. Anawerama kuti amange, anagwira nsonga ziwirizo, n'kungoziyang'ana. Anazipingasa, anazimasula, anazipingasanso. Zala zimene zinatola mafupa aang'ono ngati mpunga m'mwala kwa zaka makumi anayi zinangoima pamenepo.

Ragnhild anagwada m'matopemo n'kutenga zingwezo m'manja mwawo.

Mdala anaweramuka. Anandikodola, ndipo nditayandikira anandigwira paphewa n'kulankhula pamwamba pa mutu wa Ragnhild, mokweza kuti mawu apose phokoso la injini.

"Ndi uyu waitana ndege, Steinar. Wapambana. Paphiri lonseli munthu amene sanandipereke ndiwe wekha. Ukhala nane pafupi mpaka m'tauni, eti? Enawa sindikuwakhulupirira."

Ndinadzaza mpweya m'chifuwa kuti ndiwauze kuti woimba foni uja ndine. Mawu anali atafika kale pamilomo. Pamenepo Ragnhild anadzutsa maso, akadali chogwada, zingwe zili m'zala. Anandiyang'ana, napukusa mutu pang'ono chabe, kamodzi kumanja, kamodzi kumanzere.

"Ndikhala nanu, Mdala," ndinatero.

Ragnhild anaweramanso. Anamanga mfundo, naibwereza kachiwiri kuti isamasukenso panjira. Kenako anasunthira ku jombo inayo, imene inali yomanga kale, n'kuikoka kuti aone ngati yalimba.